Willie O'Ree ndi Chinsinsi cha Diso Lakumanja

Chisanu chikafika ku Fredericton, likulu la chigawo cha New Brunswick kum'mawa kwa dziko la Canada, mtsinje wa Saint John umaundana kuti gwa, moti munthu amayenda pamwamba pake osamira. Maiwe ndi madambo nawo amatero. Makolo amathira madzi kuseri kwa nyumba madzulo, kukacha ana n'kupeza bwalo loterera lowadikira. Pa bwalo lotere ndi pomwe Willie O'Ree anayamba kuima pa nsapato zokhala ndi mpeni wachitsulo kunsi kwake, ali ndi zaka zitatu zokha. Anabadwa pa 15 Okutobala 1935, mzime mwa ana 13 a bambo Harry ndi mayi Rosebud O'Ree. Bambo ake ankagwira ntchito yoona za misewu ya mumzindamo, ndipo banja lawo linali limodzi mwa mabanja awiri okha a anthu akuda mu Fredericton monse.

Dziko limamudziwa ndi chinthu chimodzi: ndiye munthu wakuda woyamba kusewera mu National Hockey League, yomwe ambiri amangoiti NHL, ligi yaikulu kuposa zonse pa masewero a hockey wa pa madzi oundana. Ulemu umenewo ndi wake, palibe angamulande. Koma ine ndimaona kuti tikaithera pamenepo nkhani yake timamuchepetsa. Kukhala woyamba kunachitika usiku umodzi wokha, pamene kusewera kunamutengera zaka zoposa 20, ndipo zambiri mwa zakazo ankasewera akubisa chinthu chomwe chikanangodziwika, eni matimu akanamubweza kwawo tsiku lomwelo.

Kuti chinthucho chimveke kulemera kwake, tiyenera kuyamba talidziwa bwalo. Ndi la mamita 61 m'litali ndi 26 m'lifupi, lozunguliridwa ndi mpanda wa matabwa wopitirira pang'ono m'chiuno mwa munthu. Timu iliyonse imalowetsa anthu asanu ndi mmodzi: goloboyi, otchinga kumbuyo awiri, ndi osewera kutsogolo atatu, omwe ndi wapakati, wing'a wakumanzere ndi wing'a wakumanja. Chomwe amalimbirana ndi puck, kachimphira kolimba, kozungulira ndi kaphwatalala, kofanana kukula kwake ndi kachitini ka polishi wa nsapato. Kamalemera pafupifupi magalamu 170, ndipo asanakaponye m'bwalo amayamba akaumitsa mufiriji kuti kasamadumphedumphe. Wosewera wamphamvu akakamenya ndi ndodo yake yopindika kunsonga, kamathamanga kuposa makilomita 100 pa ola. Masewero amakhala ndi zigawo zitatu za mphindi 20, ndipo liwiro lake ndi loti osewera kutsogolo sakhalitsa m'bwalo: amathamanga kwa pafupifupi mphindi imodzi, n'kutuluka kukapuma, anzawo atatu n'kulowa masewero ali mkati. Kugunda mdani ndi phewa kapena chiuno, ngakhale kumukhomera kumpanda, ndi zololedwa. Pa nthawi ya O'Ree osewera ankalowa mutu uli pamtunda. Zipewa zolimba zinadzakhala lamulo kwa osewera atsopano mu 1979, ndipo ngakhale magoloboyi ankaima pagolo nkhope ili poyera mpaka Jacques Plante wa Montreal atayamba kuvala chophimba kumaso mu 1959.

Anthu akuda sanali alendo pa masewerowa monga ambiri amaganizira. Kholo la banja la O'Ree, Paris O'Ree, linathawa ukapolo ku South Carolina pa nthawi ya nkhondo yomwe America inkadzichotsa mu ulamuliro wa Britain, ndipo linadzakhazikika kum'mawa kwa Canada pamodzi ndi akuda ena ambiri omwe anali mbali ya Angerezi. Zidzukulu za anthu amenewa ndi zomwe mu 1895 zinayambitsa Coloured Hockey League ku Halifax, m'chigawo choyandikana cha Nova Scotia, ligi yomwe inamera m'mipingo ya Baptist ya anthu akuda zaka 22 NHL isanabadwe. Kenako kunabwera Herb Carnegie wa ku Toronto, mwana wa makolo ochokera ku Jamaica, yemwe ambiri omwe anamuona akusewera ankati malo ake enieni anali mu NHL. Mu 1948 timu ya New York Rangers inamuitana kukamuyesa, koma inangomulonjeza malo m'matimu ake aang'ono, pa malipiro ochepera omwe ankalandira kale ku Quebec. Iye anali ndi banja loti alidyetse, anakana, ndipo mwayi sunabwerenso. Art Dorrington anasaina kontrakiti ndi Rangers yomweyo mu 1950, koma sanaitanidwe n'kamodzi komwe kumasewero a timu yaikulu. Lamulo lolembedwa loletsa akuda kunalibe, komabe khomo linali lotseka.

Willie anakula akudziwa zimenezi. Mkulu wake Richard ankamugunda mwamphamvu pa bwalo, osati mwa nkhanza koma pofuna kumukhwimitsa, podziwa kuti kunja kukudikira anthu omwe adzamugunde kuposa pamenepo chifukwa cha khungu lake. Mnyamatayu analinso katswiri pa baseball. Mu 1949 timu yake ya achinyamata itapambana mpikisano, mphoto yake inali ulendo wa ku New York, komwe anakagwirana chanza ndi Jackie Robinson, munthu yemwe zaka ziwiri m'mbuyomo anaswa tsankho mu ligi yaikulu ya baseball atavala yunifolomu ya Brooklyn Dodgers. Willie anamuuza kuti amaseweranso hockey, ndipo Robinson anadabwa, chifukwa sankadziwa kuti kuli ana akuda omwe amasewera masewero amenewa.

Ali ndi zaka 19 anapita ku Quebec Frontenacs, timu ya achinyamata, komwe mphunzitsi Phil Watson, yemwe kale ankasewera mu Rangers, anamuuza poyera kuti ali ndi luso lofika nalo mu NHL. Chaka chotsatira, 1955-56, anali ku Kitchener Canucks m'chigawo cha Ontario, ndipo tsoka linamupeza kumeneko. Akusewera mu mzinda wa Guelph, anathamangira pamaso pa golo la adani monga amachitira wosewera kutsogolo aliyense, kuti atchinge maso a goloboyi kapena akhotetse puck ikamadutsa. Mnzake wa kumbuyo anaimenya ndi mphamvu zonse. Puck inagunda ndodo ya munthu wina, n'kunyamuka, n'kumupeza pa diso lakumanja. Mphuno ndi fupa la tsaya zinasweka, ndipo kachigawo ka mkati mwa diso komwe kamalandira kuwala kanaonongekeratu. Dokotala anamuuza ali chigonere m'chipatala kuti diso limenelo silidzaonanso, ndipo za hockey aiwale. Pafupifupi magawo 95 pa 100 a mphamvu ya disolo anali atapita.

Patangotha masabata ochepa, anali atabwerera pa bwalo.

Apa ndi pomwe mbiri yake imandigwira mtima. NHL inali ndi lamulo loletsa munthu woona ndi diso limodzi kusewera, ndipo lamulolo linali ndi chifukwa chomveka: diso lotsalalo likavulala, munthu wachita khungu moyo wake wonse. O'Ree ankazidziwa bwino zimenezi. Anasankha kusunga pakamwa. Anauza mlongo wake Betty, koma makolo ake anangowasiya akhulupirire kuti wachira. Aphunzitsi ndi eni matimu sanadziwe kanthu, ndipo chinamupulumutsa n'chakuti masiku amenewo matimu sankayeza maso a osewera. Ankaona mawondo, mapewa ndi mpweya basi. Wina akhoza kunena kuti anachita zoika moyo pachiswe, ndipo sanganame. Koma mnyamata wakuda wa m'ma 1950, yemwe ankadziwa kuti chifukwa chaching'ono chilichonse chikwanira kumutsekera khomo, sakanapereka yekha chifukwa chachikulu chotere m'manja mwa eni khomolo.

Chaka chomwecho cha 1956 anayesako mwayi wina. Timu ya baseball ya Milwaukee Braves inamuitana ku kampu yake ya ku Waycross, m'chigawo cha Georgia kumwera kwa United States. Kumeneko anaona ndi maso ake zomwe ankangozimva: zimbudzi zolembedwa kuti izi n'za azungu, izi n'za akuda, ndi malo ogona opatula osewera akuda paokha. Atamubweza, anakwera basi yobwerera kwawo, ulendo wa masiku angapo. Ponyamuka anakhala kumpando wakumbuyo kwenikweni monga lamulo la kumeneko linkafunira. Basi ikamakwera chakumpoto, iye ankasendera kutsogolo pang'onopang'ono, ndipo pofika kufupi ndi malire a Canada anali pampando wakutsogolo. Za baseball zinathera pomwepo.

Punch Imlach, mphunzitsi wa Quebec Aces, timu yomwe Carnegie anaseweramo pamodzi ndi katswiri Jean Béliveau zaka zingapo m'mbuyomo, ndi yemwe anamupatsa kontrakiti yake yoyamba yolandira malipiro. M'chaka cha 1956-57 O'Ree anamwetsa zigoli 22 ndipo Aces inatenga chikho cha Edinburgh Trophy. Ochemerera ankamukonda chifukwa cha liwiro. Anali m'gulu la othamanga kwambiri mu ligi iliyonse yomwe anaseweramo. Koma panali chodandaulitsa chomwe aphunzitsi ankachiona osachimvetsa. Nthawi zina mnzake ankamupatsira bwinobwino, iye n'kuidutsa puck kapena kuilandira mochedwa. Ankaganiza kuti miyendo yake imathamanga kuposa manja ake.

Chifukwa chenicheni chinali malo omwe ankasewera. O'Ree ankagwira ndodo chakumanzere, choncho kuyambira ali mwana anamuika kukhala wing'a wakumanzere. Wing'a wakumanzere akamathamangira ku golo la adani, mpanda umakhala kudzanja lake lamanzere, ndipo bwalo lonse, anzake onse, adani onse ndi puck yomwe, zimakhala kudzanja lamanja. Diso lamoyo la O'Ree linkayang'ana matabwa, diso lakufa n'kumayang'ana masewero. Kuti aone mnzake wapakati akumupatsira, ankayenera kupotoza mutu wonse mpaka chibwano chifike paphewa lamanja, akuthamanga pa liwiro lonse, ndipo pa kamphindi komweko sakuona kutsogolo komwe wotchinga kumbuyo akubwera kudzamugunda. Onjezerani apo kuti munthu wa diso limodzi amavutika kuyeza kutalika kwa chinthu chomwe chikubwera kwa iye. Puck yoti wina angoitchera ndodo, iye ankayenera kuilingalira. Ndi mmene anasewerera mpaka kufika mu ligi yaikulu kwambiri padziko.

Ndipo ligiyo inali yopapatiza. Kuyambira 1942 mpaka 1967 NHL inali ndi matimu asanu ndi imodzi okha: Montreal, Toronto, Boston, New York, Detroit ndi Chicago. Malo onse a osewera anali pafupifupi 120, ndipo anyamata zikwizikwi a m'Canada monse ankawalimbirana. Akatswiri ambiri oyera anakalambira m'matimu aang'ono osaponda n'komwe pa bwalo la NHL.

Mu Januwale 1958 timu ya Boston Bruins, yomwe inali pa ubale ndi Aces, inasowa wosewera kutsogolo ndipo inaitana O'Ree. Mphunzitsi anali Milt Schmidt, mkulu woyendetsa timu anali Lynn Patrick. Pa 18 Januwale analowa m'bwalo la Montreal Forum pamodzi ndi Don McKenney ndi Jerry Toppazzini, kukakumana ndi Montreal Canadiens, timu yomwe inali mkati motenga chikho cha Stanley Cup kasanu motsatizana, kuyambira 1956 mpaka 1960. Boston inapambana 3-0. Mzinda sunatekeseke. Anthu a ku Montreal ankamudziwa kale O'Ree chifukwa ankabwera kudzasewera kumeneko ndi Aces, ndipo chomwe chinali m'kamwam'kamwa chinali kugonja kwa akatswiri pakwawo osamwetsa n'chimodzi chomwe. Mwini wake wakhala akufotokoza kuti anazindikira kukula kwa chomwe chachitika atawerenga nyuzipepala m'mawa mwake. Anasewera kachiwiri tsiku lotsatira ku Boston, kenako anamubweza. Tikumbukire kuti pa nthawiyi timu ya baseball ya mumzinda womwewo, Red Sox, inali isanaseweretsepo wosewera wakuda mu ligi yaikulu. Inadzatero mu 1959, yomaliza mwa matimu onse a ligi yawo.

Anadikira pafupifupi zaka zitatu, akusewera ku Quebec, ku Kingston ndi ku Hull-Ottawa, Bruins isanamuitanenso. M'chaka cha 1960-61 anasewera masewero 43. Pa 1 Januwale 1961, pa bwalo la Boston Garden, anamwetsa chigoli chake choyamba mu NHL, ndipo anali Montreal yomweyo, goloboyi ali Charlie Hodge. Chigolicho ndi chomwe chinapambanitsa Boston 3-2, ndipo ochemerera anaimirira kumuombera m'manja kwa nthawi yaitali. Anzake a mu Bruins ankamutenga ngati mmodzi wa iwo. 

M'mabwalo a adani zinali zina. Ku Toronto ndi ku Montreal mawu achipongwe analipo, koma m'mizinda ya ku America ndi momwe zinkanyanya: kumuuza kuti abwerere kumwera, kumufunsa chifukwa chomwe sakuthyola thonje. Osewera ena ankamuputa dala kuti aone ngati angabweze. Iye anali atatsimikiza mumtima kuti mawu okha sangamenyere munthu, chifukwa akanatero bwenzi akumenyana tsiku lililonse, koma womumenya ndi ndodo sangamulekerere. Ku Chicago m'chaka chomwecho, Eric Nesterenko wa Black Hawks anamunena mawu onyoza mtundu wake, n'kumubaya kukamwa ndi chogwirira cha ndodo. Mano awiri akutsogolo anaguluka, mphuno inaswekanso. O'Ree anabwezera pomumenya ndi ndodo pamutu mpaka kukasokedwa. Osewera a mbali zonse anakhamukira m'bwalo, ochemerera analusa, ndipo O'Ree anamutsekera m'chipinda chovalira, apolisi akulondera pakhomo. Ali yekha mmenemo, magazi ali chuchuchu, anadzifunsa ngati kuli koyenera kupitiriza. Yankho lomwe anadzipatsa, monga amafotokozera yekha, linali loti akadzasiya hockey chidzakhala chifukwa choti luso lamuthera, osati chifukwa choti wina wamuthamangitsa.

Bruins inathera pansi penipeni pa ligi chaka chimenecho. O'Ree anali ndi zigoli 4 ndipo anathandiza pa zigoli zina 10. Anapita kwawo akuyembekeza kubwerera, koma anamva kwa mtolankhani kuti timu yamupereka ku Montreal pamodzi ndi mnzake Stan Maxwell, wosewera wina wakuda wa ku Nova Scotia. Kupita ku Montreal kunali ngati kutsekeredwa panja, pakuti timu imeneyo inali itadzaza akatswiri mbali zonse. Sanavale yunifolomu yake n'kamodzi komwe. Masewero ake onse a mu NHL anathera pa 45, ali ndi zaka 25.

Olemba ambiri akafika apa amadumpha n'kukatera pa ulemu wa ku ukalamba. Amalakwitsa, chifukwa hockey yabwino kwambiri ya O'Ree inali isanayambe.

Kumapeto kwa 1961 anamugulitsa ku Los Angeles Blades ya mu Western Hockey League, ligi ya m'mizinda ya kumadzulo kwa America ndi Canada monga Seattle, Portland, Vancouver ndi San Francisco. Inali yotsika poyerekeza ndi NHL, koma modzaza amuna okhwima omwe akanakhala kuti matimu a pamwamba ndi ambiri, bwenzi ali kumeneko. Ali mu mzinda umenewu, mu 1962, anakumananso ndi Jackie Robinson pa mwambo wa bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda la NAACP, ndipo Robinson anamukumbukira kuti ndi mnyamata uja wa hockey anakumana naye ku Brooklyn zaka 13 zapitazo.

Kusintha kwenikweni kunabwera ndi mphunzitsi Alf Pike. Blades inali ndi mawing'a akumanzere ochuluka koma kumanja kunali kosowa anthu, choncho Pike anapempha O'Ree kuti asamukire mbali inayo. Kusamuka kwa mamita ochepa kumeneku kunatembenuza zonse. Tsopano mpanda unali kumbali ya diso lakufa, komwe kunalibe choti aone, ndipo diso lamoyo linkayang'ana bwalo lonse. Sankafunikanso kupotoza khosi kuti alandire puck. Komanso, poti ankagwira ndodo chakumanzere, nsonga ya ndodo yake inali chapakati pa bwalo, malo abwino omenyera kugolo. Panali zovuta zake, monga kulandira puck ndi kumbuyo kwa ndodo ikamachokera m'mphepete mwa mpanda, koma anazizolowera msanga. M'chaka cha 1964-65 anamwetsa zigoli 38, kuposa wina aliyense mu ligi yonse. Ndikaganiza za zimenezi mtima umandiwawa, chifukwa chinsinsi chomwe chinamulowetsa mu NHL ndi chomwechonso chinamulepheretsa kupempha thandizo losavuta chotere. Sakanapita kwa Milt Schmidt kukanena kuti mundisinthe mbali, popanda kufunsidwa chifukwa chake.

Mu 1967 NHL inawonjezera matimu kuchoka pa 6 kufika pa 12, ndipo imodzi mwa matimu atsopanowo, Los Angeles Kings, inabadwira mumzinda momwe O'Ree ankamwetsa zigoli. Osewera ambiri a m'maligi aang'ono, ena oti ankawaposa poyera, anapeza malo. Iye palibe timu inamutenga. Blades itatha, anasamukira ku San Diego Gulls, ndipo ku San Diego ndi komwe anapeza mudzi. Anthu ankadzaza bwalo la San Diego Sports Arena, ndipo akangoigwira puck n'kuyamba kuthamanga m'mphepete, bwalo lonse linkaimirira. M'chaka cha 1968-69, ali ndi zaka 33, anamwetsanso zigoli 38. Pa zaka zonse zomwe anakhala mu Western Hockey League anamwetsa zigoli zoposa 300, ndipo a Gulls anapachika nambala yake kudenga la bwalo lawo kuti wina asadzaivalenso.

Chipongwe sichinathe ndi zaka. M'chaka cha 1972-73 akusewera mu New Haven Nighthawks, anthu ena a m'chigawo cha Virginia anamuponyera thonje ndi mphaka wakuda m'bwalo. Apo n'kuti papita zaka pafupifupi 15 chilowereni mu NHL. Ndipo khomo lomwe timati analitsegula silinatseguke kwenikweni: kuchokera pomwe anachoka mu 1961, panapita zaka 13 popanda wakuda wina aliyense mu ligiyo, mpaka Mike Marson atalowa mu Washington Capitals mu 1974. Jackie Robinson atalowa mu baseball, akuda ena anamutsatira chaka chomwecho. O'Ree analowa yekha, natuluka yekha. Western Hockey League itatha mu 1974 anapuma pang'ono, koma m'chaka cha 1978-79 anabwereranso mu timu ya San Diego ya mu Pacific Hockey League, n'kumwetsa zigoli zoposa 20 ali ndi zaka 43.

Atapachika nsapato, masewero omwe anawapatsa diso ndi mano anamuiwala. Osewera a m'maligi aang'ono sankalemera, choncho a O'Ree anagwira ntchito zosiyanasiyana ku San Diego: ya zomangamanga, yogulitsa galimoto, yoyang'anira malo odyera, kenako ya ulonda pa Hotel del Coronado. Diso lija linapitiriza kuwavutitsa mpaka madokotala analichotsa n'kuikapo lochita kupanga. Anafunitsitsa kubwerera ku hockey mwa njira ina iliyonse, koma kwa zaka zoposa 15 palibe anawaitana. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 Bryant McBride, mkulu wina wakuda wa ku likulu la NHL, anawafunafuna mpaka kuwapeza, ndipo mu 1998 ligi inawalemba ntchito yokopa ana a mitundu yonse kuti alowe masewerowa. Ali ndi zaka 62 anayamba ulendo wina woyendayenda m'mizinda ya America ndi Canada, kuvala nsapato za mpeni zija n'kumaphunzitsa ana a m'madera osauka, omwe makolo awo sakanakwanitsa kugula zida zodula za hockey. Ntchito imeneyi anaigwira zaka zoposa 20, ndipo ngakhale pa msinkhu umenewo ankalandira makalata owaopseza.

Pofika nthawiyo osewera akuda anali atayamba kuonekera. Grant Fuhr, goloboyi wa Edmonton Oilers, anatenga Stanley Cup kasanu, ndipo mu 2003 anakhala wakuda woyamba kulowa mu Hockey Hall of Fame, nyumba ya ku Toronto yosungira mbiri ya akatswiri. Jarome Iginla, yemwe bambo ake anachokera ku Nigeria, anali kaputeni wa Calgary Flames kwa zaka zambiri ndipo anamwetsa zigoli 625 mu NHL, akusewera ngati wing'a wakumanja. Koma mu 2012 Joel Ward wa Washington atamwetsa chigoli chomwe chinatulutsa Boston mu mpikisano wa chikho, anthu ena anadzaza Twitter ndi mawu omwe aja O'Ree ankawamva ku Chicago. Anali okwiya chifukwa cha kugonja kwa timu yomwe inayamba kuseweretsa wosewera wakuda mu NHL.

Ulemu unabwera mochedwa koma motsatizana. Mu 2008 dziko la Canada linawapatsa mendulo ya Order of Canada, ndipo mzinda wa Fredericton unatcha bwalo lake latsopano kuti Willie O'Ree Place. Mu 2018 analowa mu Hockey Hall of Fame, ndipo chaka chomwecho NHL inakhazikitsa mphoto ya dzina lawo yopita kwa anthu otukula madera awo kudzera m'masewerowa. Pa 18 Januwale 2022 Bruins inapachika nambala 22 ya a O'Ree kudenga la bwalo lake la TD Garden. Eni ake anaonera ali ku San Diego chifukwa cha mliri wa Covid-19. Mwezi womwewo boma la United States linavomereza kuwapatsa Congressional Gold Medal, wosewera woyamba wa NHL kulandira mendulo imeneyi.

Mu Hall of Fame anawalowetsa m'gulu la omanga masewero, osati la osewera, pakuti pa mulingo wa nyumbayo masewero 45 ndi zigoli 4 sizikwanira, ndipo zigoli za ku Los Angeles ndi San Diego siziwerengedwa mofanana ndi za mu NHL. M'gulu lomwelo la omanga ndi momwe anadzalowetsanso Herb Carnegie mu 2022. A O'Ree anavala mphete yawo ali moyo, ali ndi zaka 83. Carnegie anali atamwalira mu 2012, ndipo ulemu wake anakaulandira ndi ana ake.